Nicholas Ferrar ndi Banja Lopemphera la ku Little Gidding

Mwa chizolowezi chathu, patsamba lino timakumbutsana za anthu a Mulungu amene anatitsogolera m'chikhulupiriro. Ulendo uno tikambirane za Nicholas Ferrar, amene Mpingo wa Anglican ku England umamukumbukira chaka chilichonse pa 4 Disembala. Iyeyu sanali bishopu ngakhale wansembe. Anali dikoni chabe, amene anasonkhanitsa mayi ake, mkulu wake, mlongo wake, alamu ake ndi ana awo m'nyumba imodzi, nayamba nawo moyo wopemphera ndi wotumikira odwala ndi osauka.

Tamusankha chifukwa cha nkhani imene imatuluka kawirikawiri pamisonkhano yathu. Ana athu ambiri ali ndi ludzu la mapemphero. Ena amati Buku la Mapemphero ndi lozizira, ena amachezera usiku wonse m'magulu a kwina, ndipo ena amalakalaka atakhala pamodzi ndi Akhristu anzawo sabata yonse, osati Lamulungu lokha. Ife timadandaula, koma yankho limatisowa. Mbiri ya Ferrar ikutionetsa kuti ludzu limeneli ndi lakalekale, ndiponso kuti banja lina linalithetsa ndi buku lomwelo limene linali kale m'manja mwawo.

Ubwana ndi maphunziro

Nicholas anabadwira mumzinda wa London cha m'chaka cha 1592. Bambo ake anali amalonda olemera. Mayi ake, a Mary Ferrar, anali munthu woopa Mulungu, ndipo analera ana awo powazoloweza kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku. Mnyamatayu anali wanzeru kwambiri, kotero kuti ali ndi zaka 13 analowa koleji ya Clare Hall pa yunivesite ya Cambridge. Mu 1610 analandira digiri, napitiriza maphunziro a zachipatala.

Koma thupi lake linali lofooka. Ankadwaladwala matenda otentha thupi ndi kunjenjemera, amene anali ofala m'madambo ozungulira Cambridge. Ife amene tinagwirapo ntchito m'zipatala tikamva zizindikirozi timaganiza za malungo, ndipo zoonadi masiku amenewo malungo analiko m'madambo a ku England. Akadwala ankapita kukapumula kwa mlongo wake Susanna, amene anakwatiwa ndi a John Collet m'mudzi wa Bourn. Kumeneko ndi kumene anazolowerana ndi ana a mlongo wakeyo.

Madokotala atamulangiza kuti asinthe mpweya, mu 1613 anachoka ku England pamodzi ndi gulu loperekeza Elizabeth, mwana wamkazi wa Mfumu James I, amene anali atangokwatiwa kumene ndi kalonga wa ku Germany. Anayenda zaka zisanu m'maiko a Netherlands, Germany, Italy ndi Spain. Anaphunzira ziyankhulo za kumeneko, napitiriza zachipatala mumzinda wa Padua, naonanso mmene Akhristu a mipingo ina ankapempherera ndi kusamalira osauka. Anabwerera kwawo mu 1618.

Chuma chikugwa

Banja la a Ferrar linali litaika chuma chambiri mu kampani ya Virginia, imene inkatumiza Angelezi kukakhala m'dziko la eni ake ku America. Bambo ake atamwalira mu 1620, Nicholas analowa kwathunthu m'ntchito imeneyi, ndipo mu 1622 anakhala wachiwiri kwa msungichuma wa kampaniyo, kulowa m'malo mwa mkulu wake John. Mu 1624 anasankhidwanso kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Aliyense ankaona kuti mnyamatayu apita patali.

Chaka chomwecho zinthu zinatembenuka. Mfumu inalanda chilolezo cha kampaniyo, ndipo ntchito yonse imene Nicholas anaivutikira inathera pomwepo. Naye John analowa m'ngongole zazikulu chifukwa mnzake wa pamalonda anagwa. Pokonza nkhani ya ngongolezo, Mayi Ferrar anagula malo ena akumudzi otchedwa Little Gidding, m'boma la Huntingdonshire, kumpoto kwa London.

Mu 1625 ku London kunagwa mliri woopsa umene unapha anthu oposa 35,000. Nicholas anatumiza mayi ake ku Bourn, iye natsalira mumzinda kumaliza za ngongole. Atafika ku Little Gidding anatumiza uthenga woti mayi ake ayambe adikira, kuopa kuti mwina watenga matendawo. Monga munthu wophunzira zachipatala, anachita bwino. Koma mtima wa kholo timaudziwa. Gogoyo, wa zaka pafupifupi 70, sanadikire. Anakwera kavalo napita kukaona mwana wawo.

Tchalitchi chodzaza udzu

Zimene anapeza kumeneko zinali zomvetsa chisoni. Mudzi unali bwinja, nyumba yaikulu inali yowonongeka, ndipo katchalitchi ka Yohane Woyera kanali katasanduka mosungira udzu wa ziweto, mbali ina muli khola la nkhumba. Mbiri ya banjali imasimba kuti Mayi Ferrar anakana kulowa m'nyumba asanakagwade m'tchalitchimo. Anayamba atulutsitsa udzuwo kuti apeze pogwada, ndipo analamula kuti nyumba ya Mulungu ikonzedwe choyamba, yogonamo pambuyo.

Tikamatchula dzina la Nicholas tisaiwale gogo ameneyu. Malo anagula ndi iwo, ntchito yoyamba anailamula ndi iwo, ndipo mpaka imfa yawo mu 1634 ana ndi zidzukulu ankabwera pamaso pawo tsiku lililonse kudzalandira dalitso.

Mu 1626, pa Lamulungu la Utatu Woyera, Nicholas anadzozedwa udikoni m'tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey ndi Bishopu William Laud, amene pambuyo pake anadzakhala Akibishopu wa ku Canterbury. Anzake olemera atamva, anamulonjeza maparishi a ndalama zambiri ngati atakhala wansembe. Iye anakana. Udikoni unamukwanira, popeza chimene ankafuna ndi kutsogolera mapemphero a banja lake ndi kutumikira. Sanakwatire moyo wake wonse.

Choncho banja lonse linasamukira ku Little Gidding: gogo, Nicholas, John ndi mkazi wake Bathsheba ndi ana awo, Susanna ndi mwamuna wake ndi ana awo ambiri, aphunzitsi ndi antchito. Onse pamodzi anali pakati pa 30 ndi 40. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Malume amene wasenza mbumba timamudziwa, ndipo ambiri a ife tikusunga zidzukulu ndi ana amasiye pakhomo limodzi. Chachilendo chinali mmene banjali linakonzera tsiku lake.

Tsiku la ku Little Gidding

Kuti timvetse bwino, tikumbukire kuti pakati pa 1536 ndi 1540 Mfumu Henry VIII inatseka nyumba zonse za amonke ndi masisitere ku England. Kwa zaka zoposa 80 kunalibenso gulu la anthu okhala pamodzi chifukwa cha pemphero mu Mpingo wa England. A Ferrar sanafune kubwezeretsa nyumba zimenezo. Panalibe malumbiro, panalibe mpanda wotsekera anthu, ndipo ana ambiri atakula anakwatira ndi kukwatiwa napita kwawo. Iwo anangotenga Buku la Mapemphero ndi Baibulo, n'kuyamba kuchita zonse zimene bukulo limanena, tsiku lililonse, mosadumphitsa.

Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha nyengo yotentha, ndi 5 koloko nyengo yozizira. Ana ankayamba ndi kunena pamtima Masalimo ndi ndime za Malemba zimene aloweza. Katatu pa tsiku banja lonse linkandanda awiriawiri kupita kutchalitchi: ku Mapemphero a M'mawa, ku Litaniya, ndi ku Mapemphero a Madzulo. Wotsogolera anali Nicholas. Pa Mgonero wa Ambuye, umene unkachitika kamodzi pa mwezi, ankabwera wansembe wa m'mudzi woyandikana nawo.

Kuwonjezera apo, ora lililonse masana kagulu kochepa kankakumana m'chipinda chachikulu kwa mphindi pafupifupi 15, kunena Masalimo angapo, kuwerenga Uthenga Wabwino ndi kuimba nyimbo. Ankasinthana, kuti ena akamapemphera ena azipitiriza ntchito. Mwa njira imeneyi Masalimo onse 150 ankatha tsiku limodzi, ndipo nkhani yonse ya moyo wa Ambuye wathu inkatha mwezi umodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Nayo michezo ya usiku inaliko. Kuyambira 9 koloko usiku mpaka 1 koloko, anthu awiri kapena kuposerapo ankachezera akunena Masalimo molandizana, amuna m'chipinda chawo, akazi m'chipinda chawo. Ntchito imeneyi inali ya odzipereka okha, ndipo ankaigawana masiku kuti wina asatope nayo. Ikakwana 1 koloko ankagogoda pachitseko cha Nicholas ndi kumusiyira kandulo, iye n'kudzuka kupitiriza mapemphero mpaka m'mawa.

Manja ogwira ntchito

Wina angaganize kuti anthu opemphera chotere analibe nthawi ya china chilichonse. Zoona zake n'zakuti pakhomopo panali potanganidwa. Khola la nkhunda analikonza kukhala sukulu, mmene ana a m'banjamo ndi ena oyandikana nawo ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu, Chilatini ndi nyimbo. Amayi amasiye anayi osauka anapatsidwa zipinda m'nyumba momwemo, ndipo ankawerengedwa ngati a m'banja. Osauka a m'midzi yozungulira ankabwera kudzalandira phala.

Lamulungu m'mawa kunkabwera ana a m'midzi kudzanena Masalimo amene aloweza mkati mwa sabata. Pa Salimo lililonse mwana ankalandira peni imodzi, ndipo mapemphero akatha onse ankadya chakudya chamasana. Makolo amene sakanatha kulipira sukulu anaona ana awo akudziwa Malemba ndiponso akubwera kunyumba atakhuta.

Chimene chimatikhudza kwambiri ife ndi chipinda cha mankhwala. Nicholas sanataye maphunziro ake a ku Cambridge ndi ku Padua. Anaphunzitsa ana aakazi a mlongo wake kukonza mankhwala odzola, kutsuka zilonda ndi kumanga mabala, ndipo anthu a m'midzi ankabwera kudzathandizidwa ulere. Aliyense amene anatsukapo chilonda chonyeka akudziwa kuti ntchito imeneyi imafuna mtima wolimba ndi manja odekha. Atsikana omwewo amene ankachezera usiku pa Masalimo ndi amene ankagwada m'mawa kusambitsa miyendo ya alimi. Akuluakulu mwa iwo ankasinthananso mwezi ndi mwezi kuyendetsa za pakhomo ndi kulemba ndalama zonse zolowa ndi zotuluka. Awiri mwa iwo, Mary ndi Anna Collet, anasankha okha kusakwatiwa kuti apitirize utumikiwu.

Atsikanawa ankapanganso mabuku. Ankatenga Mauthenga Abwino anayi osindikizidwa kale, kudula ndime ndi sizasi, n'kuzimata mwadongosolo papepala lalikulu pamodzi ndi zithunzi, kuti Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane asimbe nkhani imodzi yoyenda bwino m'mitu 150. Kenaka ankasoka ndi kukuta bukulo okha. Mfumu Charles I itamva, inabwereka limodzi, nikhala nalo miyezi ingapo, nilembamo ndemanga m'mphepete ndi dzanja lake, ndipo pobweza inapempha kuti aipangire lakelake. Ena mwa mabuku amenewa akusungidwa mpaka lero.

Nicholas analinso bwenzi la wansembe George Herbert, mlembi wa ndakatulo. Herbert ali pafupi kumwalira mu 1633 anatumiza zolemba zake kwa Nicholas kuti aone ngati zingathandize anthu, apo ayi azitenthe. Nicholas anazisindikiza ku Cambridge chaka chomwecho m'buku lotchedwa The Temple, ndipo zina mwa ndakatulozo zimaimbidwa ngati nyimbo m'matchalitchi a Anglican mpaka lero.

Panalinso minga

Tikanama tikanena kuti onse pakhomopo anali okondwa. Bathsheba, mkazi wa John, anakulira mumzinda wa London, ndipo moyo wa kumudziwu sanausankhe. Anabwera ngati mtengwa, napeza nyumba imene apongozi ake ndi mlamu wake ndiwo ankalamula zonse, pamene mwamuna wake, ngakhale anali wamkulu, ankamvera mng'ono wake pa chilichonse. Panali mikangano, ndipo makalata a banjali akusonyeza kuti Nicholas sankagonja msanga. Bathsheba anapirira zaka zambiri, koma mwamuna wake atangomwalira anabwerera ku London.

Nkhani imeneyi tiyiganizire bwino, amayi. N'zotheka pakhomo kumveka Masalimo usana ndi usiku, koma wina momwemo akulira mumtima popanda womufunsa. Amene timatsogolera mapemphero m'mabanja ndi m'magulu tili ndi chiyeso chofuna kuti onse ayende liwiro lathu. Ngakhale munthu woyera mtima ngati Nicholas anaphunthwa pamenepa.

Kunja nakonso kunali adani. Masiku amenewo Mpingo wa England unali wogawanika. Gulu la Apuritani linkakayikira chilichonse chofanana ndi Chikatolika cha Roma, monga makandulo, kugwada ndi mapemphero a usiku. Ena ankati banjali labwezeretsa usisitere mobisa. Mu 1634 loya wina dzina lake Edward Lenton anabwera kudzadzionera yekha, nalemba kalata yofotokoza zimene anaona. Patapita zaka, anthu ena anapotoza kalatayo n'kuisandutsa kabuku konyoza kotchedwa The Arminian Nunnery, kamene kanaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo mu 1641.

Imfa yake

Chakumapeto kwa 1637 Nicholas anadwala kwambiri. Atazindikira kuti nthawi yakwana, anauza John kuti ayeze malo a manda ake panja, kutsogolo kwa khomo la tchalitchi, koma asiye mpata pafupi ndi khomolo woti John mwini adzagonepo, popeza ndiye anali wamkulu. Analamulanso kuti mabuku a nthano ndi masewero amene anasonkhanitsa pa unyamata wake atenthedwe pamalo pomwepo. Analangiza banja lonse kuti lisasiye njira imene linayamba, nawachenjeza kuti kukubwera masiku ovuta. Anamwalira Lolemba pa 4 Disembala 1637, tsiku lotsatira Lamulungu loyamba la Adiventi, nthawi ya 1 koloko usiku, ora lomwe lija ankadzukira kupemphera. Anali asanakwanitse zaka 46.

Masiku ovutawo anafikadi. Mu 1642 Mfumu Charles inacheza ku Little Gidding, ndipo chaka chomwecho kunabuka nkhondo yapachiweniweni pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo. Mu 1645 Buku la Mapemphero linaletsedwa m'dziko lonse. Mu Meyi 1646 mfumu ija inabweranso usiku, itagonja pankhondo, ikuthawa, ndipo John anakaibisa m'nyumba ina m'mudzi wapafupi wa Coppingford. Inaphedwa mu 1649. M'zaka zonsezi John ndi Susanna anasungabe banja ndi mapemphero ake, mpaka onse awiri anamwalira mu 1657. Apo ndi pamene moyo wa gululi unathera, patatha zaka zoposa 30 chiyambire.

Mbewu imene inagona m'nthaka

Mwa kuona kwa anthu, ntchitoyi inafa. Panapita zaka pafupifupi 200 Mpingo wa Anglican usanakhalenso ndi magulu okhala pamodzi. Koma m'zaka za m'ma 1840, pamene magulu a masisitere anayambanso ku England, monga la ku Wantage mu 1848, anthu anakumbukira Little Gidding ngati umboni wakuti moyo wotere ndi wathu ndithu ife a Anglican. Mlembi T. S. Eliot anakachezako mu 1936, ndipo mu 1942 anatulutsa ndakatulo yotchedwa ndi dzina la mudziwo, imene inachititsa kuti malowa adziwike m'maiko ambiri. Mu 1946 kunakhazikitsidwa bungwe la abwenzi a Little Gidding losamalira malowa. Kuyambira m'ma 1970 mpaka 1998 kunakhalanso gulu lina la mabanja ndi osakwatira opemphera pamodzi. Ndipo mu 2015 Justin Welby, amene pa nthawiyo anali Akibishopu wa ku Canterbury, anayambitsa gulu la Anselm Woyera ku Lambeth, loti achinyamata ochokera m'maiko ndi m'mipingo yosiyanasiyana azikhala chaka chimodzi akupemphera, kuphunzira ndi kutumikira osauka. Manda a Nicholas akadalipo kutsogolo kwa khomo la katchalitchi kaja, ndipo alendo amapitabe kukapempherako.

Nanga ife?

Sitikunena kuti tonse tiyambe kudzuka 1 koloko usiku kapena kumaliza Masalimo 150 pa tsiku. A Ferrar anali ndi minda ndi antchito, pamene ambiri a ife m'mawa timalawirira kumunda, kumsika kapena kuntchito. Koma zipangizo zimene anagwiritsa ntchito tili nazo: Baibulo, Buku la Mapemphero, nyumba yodzaza ana, ndi odwala oyandikana nafe.

Mwina ana athu amati bukuli ndi lozizira chifukwa amangoliona Lamulungu m'manja mwa wansembe, osalionapo litatsegulidwa pakhomo. Tiyeni m'nyengo ya Adiventi tiyese chinthu chimodzi. Tikatha kudya madzulo, tisonkhane tonse, mwana mmodzi awerenge Salimo limodzi, wina awerenge ndime ya Uthenga Wabwino, titsirize ndi Pemphero la Ambuye. Mawa awerenge ena. Mabanja awiri kapena atatu oyandikana angathe kumakumana tsiku limodzi pa sabata, n'kusankha wodwala mmodzi kapena gogo mmodzi woti azimusambitsa, kumuchapira ndi kumuperekeza kuchipatala. Achinyamata amene amakonda kuchezera usiku tisawakalipire. Tiwapatse Masalimo ndi malo, ndipo ena mwa ife tichezere nawo.

Pochita zonsezi tisaiwale Bathsheba. Tifunse mtengwa, mkamwini ndi mwana wamasiye amene tikumusunga ngati katunduyu akumuthera, ndipo timve yankho lake mofatsa.

Mulungu amene anapatsa gogo Mary Ferrar mphamvu yotulutsa udzu m'nyumba yake yopatulika, atipatse ifenso mtima woyeretsa malo a pemphero m'makomo mwathu. Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.